Kalulu wa Nyanga ndi Khansa ya Khomo la Chiberekero



Ife amene tinakula tikuwotha moto wa agogo tikuikumbuka nthano ija ya Kalulu. Nyama za nyanga zinafulula mowa, ndipo lamulo linali lakuti wopanda nyanga asapondeko. Kalulu, ndi nzeru zake zija, anaumba nyanga za phula, nazimata pamutu, n'kukakhala pakati pa njati ndi mphalapala ngati mwini phwando. Zinamuyendera bwino mpaka pamene kunatentha, phula n'kuyamba kuyenderera kumaso. Tinkafa nazo zikhakhali, chifukwa ngakhale mwana amadziwa kuti kalulu wa nyanga kulibe.

Koma alipo. Alenje a ku Iowa ndi ku Kansas, m'dziko la America, ankapha akalulu am'tchire okhala ndi tinthu takuda, tolimba, tosongoka, totuluka pamutu, kumaso ndi m'khosi. Ena tinkawamera kukamwa mpaka kudya kuwakanika. Nkhaniyi inafika kwa dokotala wina wofufuza za matenda, Richard Shope, wa ku Rockefeller Institute, yemwenso kwawo kunali ku Iowa komweko. Atazipenda anapeza kuti sizinali nyanga zenizeni. Zinali njerewere, zongokula mopitirira muyeso ndi kuuma ngati zikhadabo.

Tamverani zimene anachita. Anadula njerewerezo, nazipera, nazisakaniza ndi madzi, kenako n'kusefa madziwo pa sefa yothina kwambiri moti ngakhale mabakiteriya sakanadutsa. Anatsala ndi timadzi tooneka ngati mulibe kanthu. Anatenga akalulu athanzi, nawakanda pang'ono pakhungu, n'kupakapo timadzito. Pamalo pomwe anakandapo panamera njerewere. Ndiye kuti m'madzimo munali chamoyo chochepetsetsa kuposa mabakiteriya, chimene lero timati vairasi. Zimenezi anazilengeza m'chaka cha 1933.

Mnzake wa pa Rockefeller pomwepo, Peyton Rous, anati tiyeni tiwasunge akaluluwa tione mathero ake. Iye ndi Joseph Beard anawaweta miyezi yambiri, ndipo mu 1935 ananena zimene anaona: njerewere zina zinasiya kukhala njerewere, zinayamba kudya mnofu kulowa mkati ndi kufalikira. Zinasanduka khansa. Rous sanalekere pomwepo. Anapaka phula m'makutu mwa akalulu ena, osati phula la njuchi la m'nthano lija koma lakuda lochokera ku malasha, n'kuwapatsanso kachiromboko. Khansa inabwera msanga kuposa mwa akalulu amene analandira kachirombo kokha kapena phula lokha. Panalinso china chodabwitsa. M'njerewere za akalulu am'tchire tizirombo tinali mbwee, koma m'zotupa zimene zinasanduka khansa, kachirombo koti n'kupatsira kalulu wina sikankapezekamo.

Zinthu ziwirizi muzisunge, chifukwa nkhani yanga yonse yagona pamenepo. Kachiromboka pakokha kawirikawiri sikakwanitsa kudzetsa khansa. Kamafuna nthawi ndi wothandizana naye. Ndipo khansa ikabwera, kachiromboko sikapindula kanthu.

Kwa anthu zinatenga nthawi kuti zidziwike. Kale mu 1842 dokotala wa ku Verona ku Italy, Domenico Rigoni-Stern, atawerenga kaundula wa imfa anaona kuti khansa ya chiberekero inkapha kwambiri amayi apabanja ndi amasiye, koma masisitere ochepa okha. Anthu anaganiza kuti payenera kukhala china chopatsirana pogonana, koma chiyani? Kwa zaka zambiri akatswiri ankaloza chala kachirombo ka herpes. Mjeremani wina, Harald zur Hausen, anakana, nati wolakwa ali m'banja la tizirombo ta njerewere. Anzake ambiri sanamumvere. Mu 1983 iye ndi gulu lake anapeza kachirombo ka njerewere za anthu kotchedwa HPV 16 m'zotupa za khansa ya khomo la chiberekero, chaka chotsatira n'kupezanso HPV 18. Mphoto ya Nobel anailandira mu 2008. Lero tikudziwa mitundu yoposa 200 ya HPV. Yambiri imangodzetsa njerewere za m'manja ndi m'mapazi zimene ana amakhala nazo n'kuzatha zokha. Mitundu 6 ndi 11 ndi imene imabweretsa njerewere zambiri za kumaliseche. Yoopsa kwenikweni ndi khumi ndi ingapo, ndipo iwiri yokha, 16 ndi 18, ndi imene ili kumbuyo kwa odwala 7 mwa 10 alionse a khansa ya khomo la chiberekero.

Nanga kanthu kochepa chotere kamachita bwanji zimenezi? Ndikupemphani mundilole ndipite nanu kuchigayo.

Khungu lathu, komanso kachikopa kofewa kokuta khomo la chiberekero, kali ndi maselo osanjikizana ngati njerwa. Mzere wapansi penipeni ndi umene umaswana. Maselo atsopano amakankhidwira m'mwamba, akamakwera amasiya kuswana, amakalamba, n'kufundukapo. HPV imalowera pa kamng'alu kosaoneka ndi maso, kamene kamachitika ngakhale pa kukhudzana wamba kwa mwamuna ndi mkazi, n'kukafika pa mzere wapansi uja. Kachiromboka n'kosauka. Kali ndi kampukutu kakang'ono ka DNA kokhala ndi malangizo pafupifupi asanu ndi atatu basi. Chimanga kali nacho koma chigayo kalibe. Kuti kachulukane kayenera kugayitsa pa chigayo cha selo. Vuto n'lakuti selo likamakwera m'mwamba limazimitsa chigayo chake, poti lasiya kuswana.

Apa ndi pamene kachiromboko kamatumiza anyamata ake awiri, mapuloteni otchedwa E6 ndi E7. M'selo lililonse muli puloteni yotchedwa pRb, imene ntchito yake ndi kugwira switchi kuti chigayo chisalire nthawi yosayenera. E7 imaigwira manja, chigayo n'kumangolira usana ndi usiku. Mulinso ina yotchedwa p53, imene ndi kapitawo. Ikamva kuti m'chigayo mwagwera msomali imalamula kuti zonse ziime, akonze, ndipo zikakanika imalamula selo lonse kuti lidziphe lisanawononge anzake. E6 imaipachika chizindikiro choti ndi chinyalala, selo lenilenilo n'kuitaya kudzala. Tsopano chigayo chikulira, wozimitsa wamangidwa, kapitawo wachotsedwa.

Ngakhale zili choncho, nthawi zambiri sizifika poipa. Kachiromboka kali ndi puloteni inanso, E2, yoletsa anyamata awiri aja kuchita mopitirira, chifukwa chimene kakufuna ndi kugayitsa, kupakira ana ake, n'kutuluka ndi maselo ofunduka kupita kwa munthu wina. Thupi nalo silikhala manja lende. Mwa anthu 10 amene atenga HPV, pafupifupi 9 chitetezo cha m'thupi chimakhala chitakagonjetsa pomatha zaka ziwiri, mwiniwake osadziwa n'komwe kuti kanalowa. Ndipo amene anakatengapo ndi ambiri zedi, pafupifupi aliyense amene anagonanapo ndi munthu. Ndanena zimenezi mwadala, chifukwa kumudzi mayi akapezeka ndi khansa imeneyi pamakhala manong'onong'o akuti anali woyendayenda. Bodza limenelo. Mwamuna mmodzi yekha, wa ukwati woyera, ndi wokwanira kukabweretsa m'nyumba, iye osamva ngakhale kuyabwa.

Tsoka limagwa pamene kachiromboko kakhalitsa zaka osachoka. Nthawi zina kampukutu kake ka DNA kamaduka n'kumatirira ku DNA ya selo la munthu, ndipo podukapo kawirikawiri pamakhala pa E2 pomwe. Woletsa uja wapita. E6 ndi E7 zimatsala zokha, selo likuswana mosalekeza, zolakwika zikuunjikana popanda wokonza. Kachirombo kameneko sikangathenso kupanga ana ake, kadzitsekera m'nyumba yoyaka. Ndi zomwe Rous anaona pa akalulu aja. Kuchokera pa kutenga kachirombo kufika pa khansa, kwa mayi wa chitetezo chabwino pamapita zaka 15 mpaka 20. Kwa mayi amene chitetezo chake chafooka zitha kutenga zaka 5 mpaka 10 zokha.

Mwina wina akufunsa kuti, zonsezi anaziona bwanji, poti sungapatse munthu kachirombo dala n'kumudikira zaka 20? Funso labwino, ndipo lili ndi chopinga chachiwiri. Tizirombo ta m'banja limeneli n'tosankha. HPV ukaipaka pa mbewa, pa kalulu kapena pa galu, siigwira. Kuikulitsa m'mbale ya mu labotale nakonso kunali kovuta kwa zaka zambiri, chifukwa imafuna maselo osanjikizana aja. Ofufuza anachita kuzungulira: nyama iliyonse ili ndi kachirombo kakekake ka njerewere, ndiye tiyeni tiphunzire pa kameneko.

Alimi a ng'ombe mukuzidziwa njerewere zimene zimamera pakhosi, kumaso ndi kumawere a ng'ombe, makamaka zazing'ono. Zambiri zimagwa zokha. Koma kumapiri a ku Scotland ng'ombe zinkafa ndi khansa ya kummero ndi m'chifu. William Jarrett ndi Saveria Campo a ku yunivesite ya Glasgow anapeza kuti ng'ombezo zinali ndi kachirombo ka njerewere kotchedwa BPV 4, komanso zinkadya chomera chotchedwa bracken, chija cha masamba onga nthenga chimene kwathu kuno chimayanga pa Nyika ndi pa phiri la Zomba. Chomerachi chili ndi poizoni wowononga DNA komanso wofooketsa chitetezo cha m'thupi. Ng'ombe yokhala ndi kachirombo kokha njerewere zinkatha. Yodya chomerachi njerewere zinkakhalitsa, zina n'kusanduka khansa. Phula la Rous lija labweranso, litavala masamba. Kwa munthu, wothandizana ndi kachiromboka wodziwika bwino ndi utsi wa fodya, ndipo woposa onse ndi HIV. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mayi amene ali ndi HIV chiopsezo chake cha khansa ya khomo la chiberekero chimakwera kasanu ndi kamodzi.

Mbewa zinalowa m'nkhaniyi mwa njira ina. Poti HPV imakana kulowa mwa mbewa, akatswiri anatenga malangizo opangira E6 ndi E7 a HPV 16 n'kuwaika mu DNA ya mbewa zisanabadwe. Mbewa zoterozo khungu lake linkakhuthala, koma khansa ya khomo la chiberekero inkabwera pamene azipatsa mahomoni achikazi a estrogen kwa miyezi ingapo. Poika E6 yokha mwa zina ndi E7 yokha mwa zina, gulu la Paul Lambert ku Wisconsin linaonetsa kuti pakhomo la chiberekero woyambitsa mavuto kwambiri ndi E7, ndipo ziwirizi zikakhala pamodzi zotupa zimakula kuposa. Komabe mbewa yobadwa ndi E7 m'selo lililonse si yofanana ndi mayi amene kachirombo kamulowa pa kamalo kamodzi. N'chifukwa chake kunali chisangalalo mu 2011 pamene ofufuza a ku India analengeza kuti apeza kachirombo ka njerewere ka mbewa za mu labotale, kotchedwa MmuPV1. Anakapeza pa mbewa zobadwa zopanda chitetezo chokwanira, zitamera njerewere kumphuno. Mbewa zachitetezo chabwino nthawi zambiri zimakagonjetsa, koma ukazichotsera asilikali a m'magazi otchedwa maselo a T, njerewere zimabuka. Inu amene mumamva za CD4 ku chipatala mwazindikira kale kuti ndi asilikali a mtundu womwewo amene HIV imapha. Pambuyo pake zinaonekanso kuti mbewa zimapatsirana kachiromboka pokwerana, monga momwe HPV imayendera pakati pa anthu.

Koma mphatso yaikulu kwa ife inachokera kwa galu. Tiagalu timagwidwa ndi njerewere za m'kamwa, zoyera, zonga kolifulawa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Jian Zhou ndi Ian Frazer ku Brisbane m'dziko la Australia, komanso Douglas Lowy ndi John Schiller ku America, anaonetsa kuti puloteni imene imapanga chigoba cha kachiromboka, yotchedwa L1, ukaipanga mu labotale imadzisonkhanitsa n'kukhala chigoba chathunthu. Kunja kachirombo ndithu, mkati mulibe kanthu, ngati chigoba cha nkhono chimene mwini wake anafa kale. Funso linali lakuti, kodi thupi likaona chigoba chopanda kanthuchi lidzaphunzira kumenya kachirombo keniko? Mu 1995 ofufuza ena anabaya agalu a mtundu wa beagle ndi zigoba za kachirombo ka agalu, kenako n'kuwapaka kachirombo kamoyo m'kamwa. Obayidwa sanamere njerewere. Anatenganso madzi a m'magazi a agalu obayidwawo n'kupatsa agalu ena, nawonso anatetezeka, kusonyeza kuti chotetezacho chinali m'magazi. Chaka chomwecho zinathekanso pa akalulu, kenako pa ng'ombe. Katemera woyamba wa anthu, Gardasil, anavomerezedwa mu 2006.

Nyama zomwezo zinaonetsanso malire a katemerayu. Amatseka pakhomo, koma mlendo amene walowa kale samutulutsa. Ndicho chifukwa chake amabaya atsikana aang'ono, asanayambe kudziwana ndi amuna. Makolo ena zimawakhumudwitsa, amati mwana wa zaka 9 akudziwa chiyani za zimenezo? Sadziwa kanthu, n'chifukwa chake ndiyo nthawi yake. Enanso amati katemerayu ndi wotseka mimba kuti ana athu asadzabereke. Ndinene mosapsatira: m'botolomo muli zigoba zija, zopanda ngakhale DNA ya kachirombo, ndipo atsikana amene anabayidwa zaka zoyambirira lero ndi amayi a ana awo. Chimene chimalanda mayi chiberekero ndi khansa. Ku England kafukufuku wa mu 2021 anapeza kuti mwa atsikana amene anapatsidwa katemera ali ndi zaka 12 kapena 13, khansa ya khomo la chiberekero inatsika ndi 87 pa 100 alionse.

Sindikufuna kukusiyani ndi chithunzi chakuti kalulu ndi munthu ndi amodzi. Kachirombo ka kalulu kamagwira khungu, osati chiberekero. Mbewa imakhala zaka ziwiri kapena zitatu, pamene matenda a munthu amafuna zaka 20. Mankhwala ambiri amene anachiza mbewa anakanika atafika pa anthu, ndipo ngakhale katemera uja anayenera kuyesedwa pa amayi zikwizikwi odzipereka asanaloledwe. Palinso mtengo umene nyamazo zinalipira. Akalulu a Rous anafa ndi zilonda, ndipo sanafunsidwe. Masiku ano malamulo amafuna kuti wofufuza agwiritse ntchito nyama zochepa, azichepetsere ululu, ndipo pamene pali njira ina asazikhudze n'komwe. Ena tsopano amamera khungu la munthu m'mbale, losanjikizana bwinobwino, n'kuikamo HPV. Ine ndimaona kuti malamulowo ndi oyenera, ndipo anachedwa.

Tibwere kwathu. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero yafala kwambiri padziko lonse. Ziwerengero za 2020 zinasonyeza amayi oposa 4,000 opezeka nayo m'chaka chimodzi, ndipo pafupifupi 3,000 anamwalira. Katemera anayamba kuyesedwa m'maboma a Rumphi ndi Zomba mu 2013, n'kufalikira dziko lonse mu 2019, kuyambira atsikana a zaka 9. Anzathu a ku Zambia nawo anamuyamba dziko lonse chaka chomwecho.

Kwa amayi amene msinkhu wa katemera unawapitirira, zaka 15 zija ndiwo mwayi wawo. Maselo asanasanduke khansa amayamba asintha kaye, ndipo kusinthako kumaoneka. Mayi amagona pabedi, namwino n'kulowetsa kachitsulo kotsegulira njira, n'kuwalitsa tochi. Amanyika thonje mu viniga wosungunula, viniga wonga wa kukhitchini yemweyu, n'kupaka pakhomo la chiberekero. Kenako amadikira mphindi imodzi, mwina akucheza naye za ana kuti mtima ukhale pansi. Pamene pali bwino pamakhalabe pofiirira. Pamene E6 ndi E7 zakhala zikugwira ntchito pamatuwa mbuu, kachigamba kooneka malire ake. Kakakhala kakang'ono, amakawotcha ndi kachipangizo kotentha kapena kukaumitsa ndi mpweya wozizira, nthawi zambiri tsiku lomwelo, mayi n'kubwerera kwawo ndi miyendo yake. Zipatala zina tsopano zimayezanso kachirombo keniko. Chovuta n'chakuti pa nthawi imeneyi sipapweteka, choncho ambiri amadikira mpaka ataona magazi pambuyo pogonana, kapena atasiya kale kusamba, kapena chikazi chonunkha, pamene zinthu zapita patali. Abambo, musati izi n'za azimayi. Kupatula kuti ndinu onyamula, HPV yomweyi imadzetsanso khansa ya chida cha abambo, ya kotulukira chimbudzi ndi ya kummero. Ndipo ena mwa amayi amene sapita kukayezetsa, chimawaletsa ndi ndalama ya thiransipoti kapena mawu a bambo a m'nyumba.

Ndisanatseke, pali kanyama kena kamene ndikufuna ndikutchulireni, poti n'kakwathu. Mumzinda wa Heidelberg ku Germany, pa likulu lofufuza za khansa limene zur Hausen analitsogolera kwa zaka 20, amaweta mbewa za kummwera kwa Africa kuno zotchedwa Mastomys coucha, abale ake enieni a kapuku amene anyamata amakumba m'munda tikakolola n'kumagulitsa pamsewu atawatunga pa kamtengo. Mbewazi zimatenga kachirombo kake ka njerewere zikadali zazing'ono, monga momwe ife timatengera mitundu ina ya HPV ya pakhungu tili makanda. Ofufuza anaziwalitsira kuwala konga kwa dzuwa kwa miyezi, ndipo zimene zinali ndi kachirombo zinadwala khansa ya pakhungu kuposa zimene zinalibe. Atang'amba zotupa zoipitsitsa kuti akaone kachiromboko, anapeza kuti m'zambiri katsala pang'ono kapena kazimiririka. Kanasonkha moto, n'kuchokapo nyumba isanagwe. Ngati zili chonchonso pa khungu la munthu, ndiye kuti pali khansa zina zimene HPV inayambitsa koma sitiipezapo, ndipo zimenezo akuzifufuzabe pa mbewa zomwezo.